MPANDO NDI WA ANTHU AMENE ANAVOTA: NKHANI YA JULIAN BOND WA KU GEORGIA

Abale athu anchito a m'makomboni, lero tifuna kukamba za munthu wakuda wa ku America, dzina lake Julian Bond. Anthu a dera lake anamsankha katatu kuti akawaimirire m'Nyumba ya Malamulo ya ku Georgia, ndipo kawiri aphungu a m'Nyumbamo anamtsekera citseko. Anamwalira pa 15 August 2015 ali ndi zaka 75. Sitikamba za iye kuti timtamande ngati mngelo, iai. Anali munthu monga ife, pena wopambana, pena wogwa. Tikamba za iye cifukwa moyo wake uyankha funso limene munthu ali yense woima pa mzere wa voti ayenera kudzifunsa: kodi mpando wa phungu ndi wa yani? Ife tinena kuti ndi wa anthu amene anavota. Si wa phungu wokhalapoyo, ndiponso si wa aphungu anzake, ngakhale aculuke bwanji.

MWANA WA MPHUNZITSI

Julian Bond anabadwa pa 14 January 1940 mu mzinda wa Nashville. Sanabadwire mu umphawi. Atate ake, Dr. Horace Mann Bond, anali munthu wophunzira kwambiri, ndipo mu 1945 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Lincoln University ku Pennsylvania, sukulu yomwe ija anaphunzirako Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana. Mwana wa nyumba yotere, akadafuna, akadatsiriza maphunziro ake mwakacetecete, napeza nchito ya mu ofesi, nasiya amphawi adzionere okha.

Koma sanatero. Masiku amenewo, kumwera kwa America tsankho linali lamulo: malo odyera a Azungu okha, zimbudzi za Azungu okha, masukulu a Azungu okha. Pa 15 March 1960 ophunzira akuda a ku Atlanta, mzinda waukulu wa ku Georgia, analowa m'malo odyera oletsedwawo, nakhala pansi, nakana kucoka. Bond, amene anali kuphunzira pa Morehouse College, anatsogolera gulu limene linalowa m'cipinda codyera ca ku maofesi a khonsolo ya mzinda, ndipo apolisi anamgwira. Mwezi wotsatira ophunzira a m'masukulu ambiri anapanga kabungwe kao komenyera ufulu popanda ndeu, kochedwa SNCC. Mu 1961 Bond anasiya sukulu nakhala wofalitsa nkhani za kabungweko. Mnzao akamenyedwa ku Mississippi kapena kuponyedwa m'ndende ku Alabama, iye ndiye anali kulemba ndi kuimba lamya kwa anthu a manyuzipepa kuti dziko limve. Digiri yake anadzaitenga mocedwa, mu 1971.

Anyamata amenewa maso ao anali kuno ku Africa. Mu August 1963, pa msonkhano waukulu wa ku Washington, mtsogoleri wao John Lewis anauza khamu kuti mfuu wakuti munthu mmodzi voti imodzi ndi wa ku Africa, ndi kuti iwonso autenga kukhala wao. Mu September 1964 Bond, Lewis ndi anzao anakaceza ku Guinea, ndipo Lewis anapitiriza ulendo kufikira ku Lusaka, kumene anaona ndi maso ake mwambo wa ufulu wa Zambia pa 24 October. Sungani dzina la Lewis, pakuti tidzakumana nalonso.

MMENE MPANDO UNAPEZEKERA

Dziko la America linagawidwa m'zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi boma lake ndi Nyumba ya Malamulo yake, kuonjeza pa Nyumba ya dziko lonse ya ku Washington yochedwa Congress. Ya ku Georgia iri pawiri: Nyumba ya Oimirira ndi Seneti. Mmenemo ndimo amapanga malamulo a masukulu, a polisi, a misewu ndi a nchito m'cigawomo, zinthu zofika pa mphika wa munthu wamba.

Kucokera mu 1907 kufikira masankho a 1965, m'Nyumba ya Oimirira ya ku Georgia munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Misampha inali iwiri. Woyamba unali mayeso a kuwerenga ndi kulemba polembetsa voti, ndipo kalaliki Mzungu ndiye anali kuweruza kuti uyu wakhoza, uyu walephera. Amene walimbikira anali kuopsezedwa, kapena kucotsedwa nchito. Waciwiri unali kagawidwe ka mipando. Fulton County, mmene muli Atlanta, inali ndi anthu oposa 550,000 mu 1960, koma aphungu 3 okha. Echols County ya kumidzi inali ndi anthu osafika 2,000, koma phungu wake mmodzi. Cotero voti imodzi ya ku Echols inali kulemera ngati mavoti pafupifupi 100 a anthu a mumzinda.

Mu 1964 Khoti Lalikulu la America linalamula kuti mipando igawidwe monga mwa kuculuka kwa anthu. Georgia inakakamizidwa kudula madera atsopano, ndipo masankho apadera anacitika mu June 1965. Dera la nambala 136 ku Atlanta linali ndi ovota 6,500, ndipo pafupifupi 6,000 mwa iwo anali akuda, ambiri a iwo amphawi a ku malo monga Vine City. Bond anaima kumeneko m'dzina la cipani ca Democrat, ali ndi zaka 25.

Onani mmene anafunira mavoti. Anayenda khomo ndi khomo, kufunsa eni nyumba cimene ciwabvuta ndi cimene afuna kuti phungu wao akanene. Zimene analonjeza zinacokera m'mayankho ao: kuti malipiro ocepetsetsa akhale madola 2 pa ola, pamene lamulo la dziko panthawiyo linali kunena dola imodzi ndi masenti 25, ndiponso silinali kukhudza anchito a m'nyumba za mabwana, kuti mayeso a kuwerenga polembetsa voti athe, ndi kuti lamulo lofooketsa mayunioni licotsedwe, lamulo loletsa pangano lakuti wanchito ali yense pa kampani azisonkha ku yunioni. Anapambana ndi mavoti 2,320, mnzake napeza 487.

TSIKU LOTSEKA CITSEKO

Pa 3 January 1966, mu mzinda wa Tuskegee ku Alabama, mnyamata wakuda wa zaka 21, Samuel Younge, anaomberedwa ndi mfuti ndi Mzungu wogulitsa petulo, kaamba kofuna kulowa m'cimbudzi ca Azungu. Younge anali atatumikira m'gulu la nkhondo la pamadzi la America, ndipo anali kuthandiza anthu kulembetsa voti. Patapita masiku atatu, a SNCC anatulutsa cikalata cotsutsa nkhondo imene America inali kumenya ku Vietnam. Anafunsa kuti: bwanji anyamata akuda atumizidwa kukafera ufulu wa ku dziko lakutali, pamene kwao komwe boma lilephera kuwateteza?

Bond sindiye analemba cikalataco. Koma mtolankhani wa wailesi atamfunsa, anati abvomerezana naco. Anati iye adana ndi nkhondo iri yonse, ndi kuti alemekeza kulimba mtima kwa anyamata otentha makadi ao oitanira ku usilikali, ngakhale iye sangatenthe lake.

Pa 10 January, tsiku lolumbira, aphungu ena onse analumbira, akuda anzake atsopano omwe, koma Bond anauzidwa kuti aime pambali. Otsutsa anati munthu wonena mau otere sangalumbire ndi mtima woona kuti adzasunga lamulo lalikulu la dziko. Nyumba inavota: aphungu 184 anati asakhale pampando, 12 okha anati akhale. Werengani bwino, abale. Anthu 184, amene panalibe ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi dera la 136, anafafaniza mavoti 2,320 a eni dera.

Sikunali koyamba. Mu 1868, ukapolo utangotha, Nyumba yomweyi inathamangitsa aphungu akuda pafupifupi onse amene anasankhidwa caka comweco, pamodzi ndi Mbusa Henry McNeal Turner. Nthawi ija ananena poyera kuti cifukwa ndi khungu. Mu 1966 anapeza cifukwa cina cobvala jekete.

Eni mpando sanagone. Pa 14 January Mbusa Martin Luther King, amene nyumba yake inali m'dera lomwelo, anatsogolera khamu kupita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo analowa nao mlandu ku khoti monga wovota wolandidwa phungu wake. Khoti loyamba linakana pempho la Bond, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi. Mu February kunacitika masankho ena odzaza mpandowo, anthu nasankhanso Bond. Komiti ya Nyumba inamfunsa ngati wabweza mau ake. Iye anati iai, ndipo anamkananso. Mu November, pa masankho a nthawi zonse, anthu anamsankha kacitatu. Caka conse ca 1966 dera la 136 linakhala lopanda wolinenera.

KODI SAKADAKHALA CETE?

Tidziwa kuti ena mwa inu adzati: mnyamatayu anadziputira yekha. Anthu anamtuma za malipiro ndi za nyumba, sanamtume za Vietnam. Akadatseka pakamwa sabata imodzi, nalumbira, akadakhala pampando caka conse kugwirira nchito amphawi. Funso limeneli si lopusa. Ngakhale akulu akulu ena akuda a ku America panthawiyo anaona kuti kusakaniza nkhani ya tsankho ndi ya nkhondo kudzawatayitsa abwenzi ao m'boma.

Koma taganizani. Phungu amene wagula mpando ndi kukhala cete, adzaulipira ndi kukhala cete masiku onse. Lero amuuza kuti asanene za nkhondo. Mawa adzamuuza kuti asanene za apolisi. Mkuja, za malipiro. Ndipo amene adzamuuza ndi omwe aja anakhala zaka zoposa 50 osafuna kuona nkhope yakuda m'Nyumbamo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiponso nkhani siiri pa kukhoza kapena kulakwa kwa maganizo a Bond pa za Vietnam. Tiyerekeze kuti analakwa. Woyenera kumdzudzula ndani? Ndi amene anamtuma. Iwo anamva mau ake onse, pakuti anali m'manyuzipepa ndi pa wailesi, ndipo atamva anambwezera kawiri konse. Akadafuna kumcotsa, mpata anali nao mu February ndi mu November. Bwana wa kampani ina sangacotse nchito munthu amene sanamlembe. Momwemonso phungu wa ku Chattooga County, James Floyd, amene anatsogolera otsutsa, analibe mphamvu yosankhira anthu a ku Vine City wowanenera.

Pa 5 December 1966 Khoti Lalikulu la America linagamula mlandu wochedwa Bond v. Floyd. Oweruza onse 9 anabvomerezana, ndipo ciweruzo analemba ndi mkulu wao Earl Warren. Anati Nyumba inaphwanya ufulu wa Bond wa kulankhula. Kuti phungu sangakhale ndi ufulu wocepa kuposa munthu wamba. Ndi kuti phungu ayenera kunena poyera maganizo ake pa nkhani zobvuta, kuti omsankha amdziwe bwino ndi kuweruza okha ngati ayenera mpandowo. Mwezi womwewo, ku Alabama, bwalo la Azungu okha okha linamasula munthu amene anapha Samuel Younge. Pa 9 January 1967 Bond analumbira nakhala pampando wake.

ZAKA 20 M'NYUMBA

Musaganize kuti kulowa m'Nyumba ndiko kupambana nkhondo. Sabata yomweyo imene Bond analumbira, aphungu a ku Georgia anaika Lester Maddox kukhala bwanamkubwa wa cigawo, munthu amene mu 1964 anathamangitsa akuda pa nyumba yake yodyera ndi mfuti ndi mipini ya nkhwangwa. Imeneyo ndiyo Nyumba imene Bond analowamo.

Dzina lake linamveka dziko lonse. Mu 1968, pa msonkhano waukulu wa cipani ca Democrat ku Chicago, anatsogolera nthumwi zakuda ndi zoyera zotsutsana ndi nthumwi zimene Maddox anasankha, ndipo msonkhano unagawa mavoti a Georgia pakati pa magulu awiriwo. Pomwepo ena anachula dzina lake kuti aime monga waciwiri kwa pulezidenti. Iye anakana, pakuti anali ndi zaka 28 pamene lamulo lifuna zaka 35. Mu 1971 anakhala pulezidenti woyamba wa Southern Poverty Law Center, kabungwe koimira amphawi pa milandu.

Koma nchito yeniyeni ya phungu iribe ng'oma. Bond anakhala m'Nyumba ya Oimirira kucokera mu 1967 kufikira 1975, ndi m'Seneti ya Georgia kucokera mu 1975 kufikira 1987. Anathandiza kupanga gulu la aphungu akuda kuti azivota pamodzi, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Anathandiza kuti pakhale lamulo lopima matenda a m'magazi a sickle cell, amene agwira kwambiri anthu akuda, ndi lina lopereka ngongole za nyumba za ciongoladzanja cocepa kwa anthu osauka. Mu 1981 ndi 1982 analimbana kuti dera lacisanu la Congress, la ku Atlanta, lidulidwe mwa njira yakuti akuda akhale oculuka. Mlandu unafika ku khoti, ndipo zinatheka.

Tinenenso zimene sizinatheke, pakuti inu anchito muyenera kumva zonse. Mayeso a kuwerenga polembetsa voti anatha, koma anawathetsa ndi lamulo la ku Washington la August 1965, si Nyumba ya ku Georgia. Lamulo lija lofooketsa mayunioni, limene Bond analonjeza kulimbana nalo ali ndi zaka 25, liripobe ku Georgia kufikira lero. Phungu mmodzi, ngakhale wa pakamwa pakuthwa, voti yake m'Nyumba ndi imodzi. Amene akuuzani kuti mukangomsankha iye mabvuto anu onse adzatha, akunamizani.

PAMENE ANTHU ANATI IAI

Mu 1986 mpando wa dera lacisanu la Congress unatsala wopanda mwini, pamene phungu wake Wyche Fowler anapita kukaima pa mpando wina. Bond anasiya mpando wake wa m'Seneti ya Georgia kuti aime. Anthu ambiri anayesa kuti mpandowo ndi wake kale: ndiye anathandiza kudula deralo, ndiye wodziwika pa televizioni, ndipo akulu akulu ambiri akuda a mumzinda anali kumbuyo kwake. Wopikisana naye wamkulu anali mnzake uja John Lewis, mwana wa mlimi wosauka wa ku Alabama, amene apolisi anamswa mutu pa mlatho wa ku Selma mu 1965.

Pa voti yoyamba Bond anatsogola, napeza mavoti 47 pa 100 ali onse, Lewis 35. Koma sanafike theka, cotero anabwereza awiri okha. Lewis anacita cimene Bond anacita mu 1965: anayenda khomo ndi khomo, m'mawa ndi usiku. Ena anali kudandaula kuti Bond acuruka maulendo okalankhula m'mizinda yakutali, ndi kuti kwao saoneka kawiri kawiri. Pa voti yaciwiri, mu September, Lewis anapambana ndi mavoti 52 pa 100. Akuda oculuka anavoterabe Bond, koma Azungu ambiri a m'deralo pamodzi ndi gawo lalikulu ndithu la akuda anapita kwa Lewis. Ubwenzi wa anthu awiriwa unazirala kwa zaka. Lewis anakhala pampandowo kufikira imfa yake mu 2020.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Cimene cinaika Bond pampando mu 1967 ndi comweco cinamkaniza mpando mu 1986. Mu 1966 aphungu anati, ife ndife tisankha wokhala nafe, ndipo analakwa. Mu 1986 abwenzi a Bond anayesa kuti mbiri yake yamgulira mpando, ndipo nawonso analakwa. Zimene munthu anacita dzana ziyenera ulemu, koma sizigula voti ya lero. Bond sanakane ciwerengero ca mavoti. Sanaimenso pa masankho, koma sanasiye nchito ya anthu. Iye amene mu 1985 anagwidwa pa khomo la ofesi ya kazembe wa South Africa ku Washington potsutsa apartheid, anakaphunzitsa mbiri ya nkhondo ya ufulu pa University of Virginia, ndipo kucokera mu 1998 kufikira 2010 anali wapampando wa NAACP, kabungwe kakale ka anthu akuda a ku America.

MAU ATHU KWA INU

Tsono tinena zitatu. Coyamba, munthu wofuna voti yanu afike pakhomo panu ndi kufunsa, monga anacitira Bond ali mnyamata. Akabwera ndi galimoto ndi cimkuza mau, nalankhula yekha nacoka, dziwani kuti sanamve kanthu. Ndipo akapambana, mumuone ngati abweranso.

Caciwiri, musayese kuti cimene anacita aphungu 184 aja ndi nthenda ya Azungu okha. Ndi nthenda ya gulu liri lonse lokhala ndi mipando yambiri, la khungu liri lonse, m'dziko liri lonse. Tsiku limene mudzamva kuti phungu wathamangitsidwa kaamba ka mau ake, musayambe ndi kufunsa ngati ndi wa mbali yanu. Funsani kuti anthu a dera lake anena ciani. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Phungu wakuba apite ku khoti monga wakuba ali yense. Koma phungu wolankhula zosakondweretsa anzake aweruzidwe ndi omtuma.

Cacitatu, mlandu wa Bond unapambana ku Washington cifukwa unayamba wapambana ku Vine City. Amai ocapa zobvala za mabwana, madalaivala, anchito a m'mafakitale, akadatopa mu February nati kuvota n'kutaya nthawi, kapena akadasankha wina wofatsa kuti nkhani ithe, oweruza 9 aja akadatsala ndi mlandu wa munthu amene eni dera amtaya. Koma anabwerera ku bokosi kaciwiri ndi kacitatu, kufikira citseko cinatseguka. Lembetsani maina anu, sungani makadi anu a voti, ndipo tsiku likafika pitani mukaime pa mzere, ngakhale dzuwa litenthe. Mpando umene mukaikapo munthu ndi wanu, ndipo iye angoubwereka.